Chitini cha a Modester Chimene Sichinkatha

A Modester Namaona anabadwa ndi nthenda yofunsa. Ali ndi zaka khumi, kwawo ku Likangala, anafunsa bambo awo kuti madzi a mumtsinjewo amachokera kuti, bambowo n'kungoloza phiri ndi chibwano. M'mawa mwake mwana uja anajomba kusukulu, nayamba kutsata mtsinje chokwera mpaka miyendo inakana. Anamupeza amayi otola nkhuni atakhala pamwala akulira, osati chifukwa chosochera ayi, koma chifukwa choti sanafike pamene madziwo amatulukira. Kunyumba chikwapu chinalira, koma nthendayo sinachoke.

Sukulu analekeza Fomu 2. Anakwatiwa ndi kalipentala wa ku Chinamwali, anabereka ana atatu, mwamunayo n'kumwalira wotsiriza akuyamwa. Ndiye anapeza ntchito pa chipatala china chaching'ono cha m'tsinde mwa phiri, mbali yopita ku Malosa. Pa pepala ntchitoyo inali ndi dzina lake lachizungu lomveka bwino, koma kunena zoona inali ya mopu ndi ndowa.

Masiku amenewo pachipatalapo panali dokotala mmodzi ndi namwino mmodzi, mzere wa odwala mpaka pamtengo wa mango. Dokotalayo ankayeza munthu, kulemba m'buku, kuthamangira kuchipinda cha mankhwala, kuwerenga mapiritsi, n'kubwereranso wefuwefu. Apo ndiye a Modester ali pambuyo pake ndi mopu wawo: "Adokotala, awa ngachiyani? Nanga awa bwanji amagona mufiriji? Manambala a pakatoniwa akutanthauzanji?" Tsiku lina bambo uja atatopa nawo anangowaponyera kiyi.

"Poti mumafunsa, lowani mukadzionere nokha."

Maphunziro awo onse a zamankhwala anali amenewo basi. Kiyi uja anakhala pa chingwe m'khosi mwawo zaka khumi ndi zisanu, ndipo madokotala anabwera n'kusamuka, iwo ali pompo.

Koma abale, chipinda chimenecho ankachisamala! Makatoni sankagunda pansi, khoswe sankalowamo, piritsi lililonse lotuluka linkalembedwa pa khadi lake tsiku lomwelo. Anthu a m'midzi ankawatcha adokotala, iwo osakana. Ndipo chimene chinkawanyaditsa koposa chinali chitini cha mankhwala a khunyu. M'zipatala zina zoyandikana mankhwalawa ankatha, odwala n'kumabwezedwa chimanjamanja, koma pa lipoti la a Modester, pa mzere wofunsa masiku amene mankhwala anatha, mwezi ndi mwezi pankakhala ziro. Akuluakulu a kuboma ankawatchula dzina pa misonkhano. Iwo akamva ankangoti, "Ndi chisomo," koma mumtima ankadziwa kuti si chisomo chokha, palinso nzeru zawo.

Nzeruzo zinabadwa chaka china mvula itakokolola mlatho, galimoto ya mankhwala osafika miyezi iwiri. A Modester anasuzumira m'chitini, naona kuti akapatsa aliyense mapiritsi makumi atatu a mwezi wathunthu, theka la odwala libwerera opanda kanthu. Anachita zimene mayi aliyense wa ku Chinamwali amachita ufa ukatsala pang'ono: anagawa pang'onopang'ono kuti aliyense alawe. Mapiritsi khumi, akatha mubwerenso. Mlatho unakonzedwa, galimoto inayambanso kubwera, koma zodabwitsa, mankhwala a khunyu ankabwera ochepa kuposa kale. Ndiye iwo anapitiriza kugawa khumikhumi, akuyamika Mulungu kuti anawapatsa maso oona patali.

Mmodzi mwa olandira khumiwo anali Che Uledi, bambo wamtali wa ndevu za imvi, wogulitsa masitiroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu wa pamwamba pa phiri. Kwawo kunali kuseri kwa phiriko, ulendo wa maola atatu wapansi. Ankafika Lachinayi loyamba la mwezi, tsiku la odwala khunyu, n'kupereka buku lake pawindo ndi manja awiri.

"Akatha mubwerenso, Che Uledi," ankatero a Modester akutsekera kapepala ka mapiritsi.

"Chabwino, amayi."

Sankabwera mpaka mwezi wina. A Modester ankamukalipira, iye n'kumaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chaka chatha zinthu zinasintha. Mkulu wa chipatala anawaitanira mu ofesi, nawauza kuti tsopano boma likufuna kuti chipinda cha mankhwala chizikhala m'manja mwa munthu wophunzira ntchitoyo, wa satifiketi, ndipo munthuyo afika Lolemba. Kiyi apite kwa iyeyo. Iwo atha kukhalabe m'chipindamo ngati womuthandiza, koma pokhapokha ngati mayi Clara, woyendera zipinda za mankhwala wa kuboma, sadzapeza cholakwika akadzabwera pakutha pa miyezi itatu. Akadzapeza cholakwika, ndiye kuti kubwerera ku mopu.

A Modester anatuluka mu ofesimo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, zidzukulu zinayi, mayi wa Mvano wolemekezeka, akayambirenso kukolopa masanzi pamaso pa anthu omwe ankamutcha dokotala? Anachita mantha, ndipo anakwiya. Koma za cholakwika sanade nazo nkhawa. Cholakwika chake chiti?

Lolemba linafika ndi Cuthbert Mhango wa ku Rumphi, nsapato zonyezimira, laputopu m'chikwama, Chichewa chake chikukokera kwawo. A Modester anali atakonzeka kudana naye, ndipo anayesetsa ndithu masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu nthenda ija inawagwira.

"A Cuthbert, bwanji mwaika katoni yatsopanoyi kutsogolo, yakaleyi kumbuyo? Ife timayamba ndi imene inabwera kale."

"Taonani deti apa, amayi. Yatsopanoyi iwonongeka mu Okutobala, yakaleyi chaka chamawa. Timayamba ndi imene ifulumire kuwonongeka, ngakhale itabwera dzulo."

A Modester anaima kukamwa yasa. Osati chifukwa cha katoniyo ayi, koma chifukwa choti munthu wawayankha! Zaka zonsezi akafunsa ankauzidwa kuti "ndi mmene zimakhalira," kapena "muzingolemba." Uyu ankayankha, akapanda kudziwa ankatsegula buku. Kuyambira tsiku limenelo Cuthbert sanaonenso mtendere. Ankamwa tiyi akuyankha, kudya chinangwa akuyankha, ngakhale popita kuseri funso linkamuperekeza mpaka pakhomo. Anawaphunzitsa kuwerenga kachipangizo koyezera kutentha kwa chipinda, anawaonetsa chifukwa chimene mankhwala ena amaopera dzuwa. Iye naye anadabwa nawo makhadi awo. Anawerenga mashelefu onse, osapeza ngakhale piritsi limodzi losiyana ndi zolembedwa.

"Amayi, mayi Clara sadzapeza kanthu muno," anatero. A Modester anamugulira mandasi awiri.

Funso limene linawononga zonse linabwera pa mwezi wachiwiri, Cuthbert akulemba lipoti la pamwezi pa laputopu.

"Kodi a Cuthbert, lipotili likapita kubomako, amadziwa bwanji kuti atitumizire zingati? Alipo munthu amene amatidziwa kumeneko?"

"Satidziwa, amayi. Amadziwa manambala athu basi. Amaona zimene tapereka kwa odwala miyezi itatu yapitayi, n'kupeza kuti pa mwezi timapereka zingati, ndiye amatumiza molingana ndi zimenezo."

"Nanga tikapereka zochepa?"

"Amati ndiye kuti tikufuna zochepa."

"Nanga ngati tapereka zochepa chifukwa choti zinali zochepa?"

"N'chifukwa chake pali mzere uwu wa masiku amene mankhwala anatha. Tikalemba kuti anatha masiku khumi, iwo amadziwa kuti anthu ena sanalandire, ndiye amawonjezera."

"Nanga pakakhala ziro?"

"Ndiye kuti aliyense anakhuta."

Cuthbert anapitiriza kulemba, osadziwa kuti waponya mwala. Iye tsiku la odwala khunyu ankakhala mkati ndi makatoni, pawindo wogawa mankhwala anali a Modester monga mwa kale. Pa khadi ankalemba khumi, zoona zokhazokha, ndipo khadi silifunsa kuti dokotala analemba angati.

Madzulo a tsikulo, pa kabaza wobwerera ku Chinamwali, a Modester sanamve n'komwe mabampu. M'mawa mwake analawirira, natenga kaundula wa odwala khunyu, nayamba kuwerenga ndi chala. Mayina 43. Aliyense piritsi limodzi pa tsiku, ndiye kuti pa miyezi itatu pankafunika zitini zinayi za mapiritsi chikwi chimodzi. Zinkabwera ziwiri. Anatsegula malipoti akale, a chaka chisanagwe mlatho chija, napeza kuti nthawi imeneyo zinkabweradi zinayi. Anawerenganso kachiwiri, kachitatu, akuyembekeza kuti masamu a Fomu 2 awanamiza, koma sanawanamize.

Tsono panatsala funso lina, ndipo limeneli kaundula sakanatha kuliyankha. A pafupi ankabweranso kudzatenga khumi achiwiri ndi achitatu. Nanga a kutali aja, masiku makumi awiri otsalawo ankatani? Zaka zonsezi a Modester, munthu wofunsa za firiji ndi za manambala a pakatoni, anali asanafunsepo zimenezo. Anachita manyazi okhaokha.

Loweruka anakwera phiri. Anapeza galimoto yokatenga matabwa imene inawasiya pafupi ndi damu, kotsalako anayenda wapansi. Unali mwezi wa Juni, chifunga chili kwiii m'mitengo ya paini, kuzizira kolowa m'mafupa. Che Uledi anamupeza m'mphepete mwa msewu, timbale ta masitiroberi tili ndandanda pa thabwa, iye atadzikulunga jekete lalikulu.

"Ii, adokotala! Mwasochera?"

"Ndabwera kwa inu, Che Uledi. Ndiuzeni zoona, sindikukalipirani. Mapiritsi khumi aja akatha mumatani?"

Bamboyo anaseka monyada. "Satha, amayi. Ndimawasamala. Ndimamwa limodzi, n'kudumphitsa masiku awiri, n'kumwanso. Amandifikitsa mwezi bwinobwino."

"Bwanji osangobwera kudzatenga ena?"

"Amayi, kutsika phirili katatu pa mwezi? Tsiku lonse limathera m'njira. Zipatsozi sizidikira munthu, zimawola. Komanso ndimaona kuti mankhwalawo ndi ochepa, ndiye ndisamalize ine ndekha a anzanga."

Pofuna kuwapatsa kambale ka masitiroberi anatambasula dzanja, jekete n'kukwinyika. Kuyambira pachigongono kufika pamkono khungu linali lotuwa, lokokana, lonyezimira.

"Ichi n'chiyani?"

"Aa, n'zakale izi, za chaka chatha. Tinkawotha moto pompano, chinthu chija n'kundigwetsa. Anzanga anandikoka msanga. Chimabwera kawiri, katatu pa mwezi, ndinazolowera."

"Ena a kwanu aja nawonso amadumphitsa?"

"Tonse. Ndi ine ndinawaphunzitsa."

A Modester anakhala pansi pa udzu wonyowa. Chisoni chimene anamva sichinali cha masewera. Iwo ankagawa pang'ono kuti aliyense alawe, Che Uledi naye ankamwa pang'ono kuti asamalize a anzake, ndipo kuboma munthu ankaona ziro n'kumati ku chipatala chimenecho aliyense ali bwino. Panalibe wakuba, panalibe waulesi. Anagula timbale titatu ta masitiroberi timene sankatifuna, natsika phiri.

Lolemba anatseka chitseko cha chipinda cha mankhwala, nafotokozera Cuthbert zonse, kuyambira pa mlatho mpaka pa mkono wa Che Uledi. Cuthbert anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Tiyenera kupempha zitini zowonjezera msanga," anatero. "Koma pamafunika chifukwa cholembedwa." Anali atawakonda mayiwa, ndipo ankadziwa bwino za miyezi itatu ija. "Tingolemba kuti odwala achuluka, amayi. Tiyambe kupereka makumi atatu mwakachetechete, chitini chithe, tilembe kuti chatha. Pakapita miyezi itatu kapena inayi manambala adzikonza okha. Palibe adzadziwe."

"Chitini chikatha pakati pa mzere, otsalawo azikamwa chiyani miyezi inayi imeneyo?"

Cuthbert anavalanso magalasi ake.

"Ndiye palinso china," anapitiriza a Modester. "Nzeru imeneyi sindinaibise ayi. Anzanga a m'zipatala zina, okolopa ngati ine amene anapatsidwa makiyi, ankandifunsa kuti, 'Inu mumatani kuti kwanu asamathe?' Ine n'kuwauza. Ndinauza anthu atatu, mwina anayi. Kodi ndili ndekha, a Cuthbert, kapena tilipo ambiri? Ndikufuna ndidziwe. Tikabisa, adzafufuza ndani?"

"Amayi, mukudziwa chimene chidzakuchitikireni."

"Ndikudziwa. Ndipo ndikuopa, musaone ngati sindikuopa."

Mayi Clara anafika tsiku lawo, mayi wonenepa wa mawu ofatsa, wa cholembera kuseri kwa khutu. Anayendera mashelefu, anawerenga makhadi, anasuzumira mufiriji, anagwedeza mutu mokhutira. Anali atayamba kale kulemba mawu oyamikira pamene a Modester anaika patebulo kaundula wa odwala khunyu ndi mulu wa malipoti akale.

"Mayi, musanasaine, pali ziro wina amene ndikufuna mumuone."

Anafotokoza ali chiimire, manja kumbuyo, osadumpha kanthu. Anatchula ndi mayina a zipatala zimene anagawako nzeru yawo ija. Mayi Clara anachotsa cholembera pa pepala, namvetsera mpaka kumapeto.

"Anakuuzani ndani kuti muzipereka khumi?"

"Palibe. Ndinaganiza ndekha."

"Nanga alipo anakuphunzitsanipo ntchito ya mzere umenewu wa pa lipoti?"

"Palibe, mpaka a Cuthbert."

Mayi Clara anapumira m'mwamba. "Zaka khumi ndi zisanu, ndipo ife tinkakuomberani m'manja." Anatseka faelo. "Mayi Namaona, mwachita chinthu chimene ambiri sangachite, ndipo ndikuthokozani. Zitinizo zibwera sabata ino. Zipatala mwatchulazo ndiziyendera ndekha. Koma sindikunamizani: ndiyenera kulemba kuti mankhwala ankaperekedwa mosiyana ndi mmene dokotala walembera, ndipo ndikalemba zimenezo, simungakhalenso muno."

"Lembani," anatero a Modester. Kenaka, misozi ili m'maso, nthenda ija inawagwiranso. "Mukakayendera kumeneko, mudzandiuze zimene mwapeza?"

Anadzawauzadi, pa foni, patapita milungu itatu. Mwa zipatala zinayi, zitatu zinkachita chimodzimodzi, china mpaka ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi. A Modester anamvera uthengawo ataima pakhonde, atavala magambutsi, mopu atautsamiritsa kukhoma. Sabata yoyamba ya ntchito yakaleyo msana unawapweteka mpaka kulephera kuwerama pomanga nsapato. Amayi ena a pamzere ankayang'ana kumbali powapatsa ulemu, ena ankanong'onezana kuti kapena anagwidwa akuba mankhwala. Zimenezo zinawawawa kuposa msana, ndipo kunyumba analira kangapo, osabisa.

Lachinayi loyamba la Ogasiti anali kukolopa pakhonde la odikirira pamene Che Uledi anachoka pawindo, nadzakhala pa benchi pafupi nawo. Anatsegula kapepala kake, nathira mapiritsi m'dzanja, nawawerenga limodzilimodzi milomo ikugwedezeka. Atamaliza anawerenganso. Ndiye anakweza maso, nawaona.

"Ii, amayi, muli kuno tsopano? Taonani zimene wandipatsa mnyamata watsopanoyu. Makumi atatu! Akuti ndizimwa tsiku lililonse, akatha ena alipo." Anaseka, ndevu zikugwedera. "Ameneyu ndiye ali ndi dzanja. Inu munali ouma manja, amayi, musakwiye."

Sananene mwachipongwe, ankangocheza. Koma mawuwo anawalasa a Modester pamtima penipeni. Akanatha kumuuza kuti zitinizo anaziitanitsa ndani, ndipo mawuwo anafika mpaka pakhosi. Anayang'ana mkono wotuwa uja, nawameza.

"Ndinalidi wouma," anatero. "Muzimwa limodzi tsiku lililonse, Che Uledi, osadumphitsa. Mukawauzenso onse aja munawaphunzitsa kuti zija zinali zolakwika."

"Ndikawauza."

"Mukawauze lero lomwe. Tsopano tanyamulani mapazi ndikolope."